Ndege ya ku Lusaka n'zoona ndi ola limodzi? Kuwerengera mtunda ndi nthawi pochokera ku Mchinji

Achimwene anga aakulu akhala ku Lusaka zaka zambiri, ndipo chaka chatha mwana wawo wachisamba amamanga banja. Ukwati wa mdzukulu woyamba agogo sangaumvere pa foni, choncho zoti amayi apita sitinachite kukambirana. Nkhani inali ya mayendedwe. Amayi ali ndi zaka 74, miyendo imatupa akakhalitsa malo amodzi, ndipo ulendo womaliza umene anapita pa basi anatsika pa depoti ya mabasi ya Intercity ku Lusaka atachita kugwiridwa uku ndi uku. Madzulo ena achimwene anaimba: "Iwe, usawazunze amayi. Akwere ndege, ndi ola limodzi chabe. Ndalama nditumiza, iweyo uwaperekeze."

Za ndalamazo ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe. Koma "ola limodzi" lija linandikhala pamtima. Ine ndimaphunzitsa Geography pa sekondale ina yoyendera kuno ku Mchinji, ndipo munthu akanditchulira nambala ndimafuna ndiione ndekha pa pepala. Usiku womwewo ndinatenga kope lakale la ana a Fomu 3 lomwe linatsala masamba, n'kuyamba kuwerengera. Zimene ndikulemba pano ndi njira imene ndinatsata. Ndaigwiritsanso ntchito kawiri kuchokera nthawi imeneyo, kwa mlamu wanga wopita ku Joni ndi kwa mnzanga wa kutchalitchi wopita ku Blantyre, ndipo sinandichititse manyazi.

Yambani ndi kudziwa mabwalo awiriwo, osati mizinda. Anthu timangoti "ndege ya ku Lilongwe", koma ndege sinyamukira mu Lilongwe. Bwalo la Kamuzu lili ku Lumbadzi, makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa tawuni, kupitirira Kanengo. La ku Lusaka, lotchedwa Kenneth Kaunda, nalonso lili kunja kwa mzinda, cha kum'mawa, mtunda wofananako. Bwalo lililonse lili ndi zilembo zitatu zolidziwira: la Kamuzu ndi LLW, la Lusaka ndi LUN, la Chileka ku Blantyre ndi BLZ, la O. R. Tambo ku Johannesburg ndi JNB. Zilembo zimenezi muzilembe penapake, chifukwa ndi zimene mudzaone pa tiketi komanso pa kapepala kamene amamata pa chikwama chanu. Mukaona pa chikwama amata zilembo zina, funsani pomwepo chisanalowe m'kati.

Mtunda

Njira yachidule ndi ya pa foni. Tsegulani Google Maps, pezani bwalo la Kamuzu, dinikizani chala pamenepo mpaka patuluke kachizindikiro kofiira, kenako sankhani Measure distance n'kukokera mzerewo ku bwalo linalo. Musadine Directions. Imeneyo imakupatsani msewu, ndipo ndege siyenda mumsewu. Ana anga a m'kalasi amalakwitsa pomwepa chaka ndi chaka. Kuchokera pa Kamuzu kufika pa Kenneth Kaunda mzere wowongokawo umakwana makilomita pafupifupi 600.

Netiweki ya kwathu inali itathawa usiku umenewo, monga mwa masiku onse mvula ikangowaza, ndiye ndinawerengera pamanja. Sizovuta monga anthu amaganizira, ndipo ndikuonetsani chifukwa zimathandiza kugwira bodza la nambala zimene mungapeze pa intaneti. Malo alionse padziko ali ndi manambala awiri, latitude ndi longitude. Bwalo la Kamuzu lili pa madigiri 13.79 kumwera ndi 33.78 kum'mawa. La Kenneth Kaunda lili pa 15.33 kumwera ndi 28.45 kum'mawa. Digiri imodzi yopita kumpoto kapena kumwera ndi makilomita 111, kulikonse padziko. Chotsani 13.79 pa 15.33, mupeza 1.54, muchulukitse ndi 111, mupeza makilomita 171. Ndiye kuti Lusaka yatsikira kumwera kwa Lumbadzi ndi makilomita 171. Digiri yopita kum'mawa kapena kumadzulo ndiyo imasintha: pa equator ndi 111 yomweyo, koma imanka nichepa mukamapita kunsonga za dziko, chifukwa mizereyo imakakumana kumeneko ngati mizere ya pa dzungu. Kwathu kuno ndi makilomita pafupifupi 107.5. Chotsani 28.45 pa 33.78, mupeza 5.33, kuchulukitsa ndi 107.5 ndi makilomita 573 kumadzulo. Tsopano kumbukirani Pythagoras wa ku Fomu 2 uja munkati sadzakuthandizani m'moyo. 171 kuchulukitsa ndi 171 ndi 29,241. 573 kuchulukitsa ndi 573 ndi 328,329. Kuphatikiza ndi 357,570, ndipo square root yake ndi 598. Foni itagwira m'mawa mwake inandipatsa nambala yosasiyana kwenikweni ndi imeneyi, ndipo ndinadzitamandira tsiku lonse kwa mayi a kunyumba, amene sizinawakhudze n'pang'ono pomwe.

Njira yapamanjayi ndi yabwino pa maulendo a m'chigawo chathu chino. Mukafuna London kapena Dubai isiyeni, kupindika kwa dziko kumakhala kwakukulu ndipo Pythagoras amayamba kunama.

Samalani ndi muyeso. Masamba ambiri a pa intaneti amalemba mamailo, ndipo oyendetsa ndege amagwiritsa ntchito mamailo ena, a panyanja. Mailo wamba ndi makilomita 1.609, wa panyanja ndi makilomita 1.852. Ulendo womwewu wa ku Lusaka wina akuuzani 600, wina 373, wina 324, ndipo onse akunena zoona. Mukaona nambala yocheperapo musasangalale kuti Lusaka yayandikira.

Apa m'pamene ndinaima n'kuseka ndekha. Kuchokera pa boma la Mchinji kupita pa boda ya Mwami ndi makilomita 12 kapena kuposerapo pang'ono, kuchoka pa boda kufika mu Chipata ndi ena pafupifupi 20, ndipo kuchoka ku Chipata kutsata Great East Road mpaka mu Lusaka ndi cha m'ma 570. Phatikizani: 600. Mtunda umene basi imayenda kuchokera pakhomo pathu ndi womwewo umene ndege imauluka kuchokera ku Lumbadzi. Kusiyana kwake n'kwakuti kuti ife a ku Mchinji tikakwere ndegeyo, tiyambe tafulatira Lusaka, kuyenda makilomita 110 kulowera kum'mawa mpaka Lilongwe, ndi ena 25 mpaka pa bwalo, kenako ndege itibweze kudutsa pamwamba pa kwathu komwe tachokera. Munthu wa ku Area 25 vuto limeneli alibe. Achimwene nawonso anaiwala, poti akabwera kumudzi amabwera pa galimoto yawo.

Nthawi ya m'mwamba

Mukapeza mtunda, funsani mtundu wa ndege. Pa tiketi kapena pa tsamba logulirapo amalemba. M'maulendo afupiafupi a kuno mupeza mitundu iwiri. Pali ya mapulopela, Dash 8 Q400, yomwe ikakhazikika m'mwamba imathamanga makilomita pafupifupi 660 pa ola. Pali jeti, monga Boeing 737, yomwe imathamanga cha m'ma 830. Malawi Airlines, imene inayamba kuuluka mu 2014 Air Malawi itatha, ndipo ndi ya boma lathu mogwirizana ndi Ethiopian Airlines, yakhala ikugwiritsa ntchito mitundu yonse iwiriyi.

Gawani mtunda ndi liwiro. 600 kugawa ndi 660 ndi 0.91 ya ola, kuchulukitsa ndi 60 ndi mphindi 55. Ndiye achimwene sananame kwenikweni, ola lawo lija ndi limeneli. Koma ndege siyamba ulendo ili kale m'mwamba ndi liwiro lonse. Imachoka pamene yaima, kukwawa pang'onopang'ono mpaka kumayambiriro a msewu wake, kudikira chilolezo, kunyamuka, kukwera kwa mphindi zingapo isanafike pa liwiro lija, ndipo ikatsala pang'ono kufika imachepetsanso, kutsika, mwina kuzungulira kuti itere moyang'anana ndi mphepo, n'kukwawanso mpaka poimikira. Nthawi yolembedwa pa tiketi imawerengera zonsezi, kuyambira pamene ndege yasuntha mpaka pamene yaima. Ine ndimaonjezera mphindi 25 mpaka 30. Ku Lusaka ndiye ola ndi mphindi 20 kapena 25 pa ya mapulopela.

Pa jeti, 600 kugawa ndi 830 ndi mphindi 43, kuonjezera 30 ndi ola ndi mphindi 13. Mwaona? Kusiyana kwake sikukwana kotala ya ola. Pa ulendo waufupi musalipire ndalama zambiri kapena kusintha tsiku chifukwa chofuna jeti. Anthu ena amaopa ya mapulopela poganiza kuti ndi yachikale. Si yachikale, inapangidwira maulendo otere, kungoti phokoso limamveka kwambiri mukakhala moyang'anana ndi pulopelayo.

Yesani njirayi pa maulendo ena kuti muikhulupirire. Kamuzu mpaka Chileka ndi makilomita pafupifupi 245 mowongoka, pamene pa msewu wa M1 kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Zalewa, tawuni ndi tawuni, ndi oposa 300. 245 kugawa ndi 660 ndi mphindi 22, kuonjezera 25 ndi mphindi 47. Pa ulendo umenewu theka la nthawi limathera pa kukwera, kutsika ndi kukwawa pansi, mwakuti amene anakwerapo amati usanamalize n'kapu ya tiyi yomwe amakhala akulengeza zotera. Kamuzu mpaka Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,490. Pa jeti ndi ola ndi mphindi 48, kuonjezera 30 ndi maola awiri ndi mphindi 18, ndipo mukayang'ana matiketi mupeza akusewera pamenepo. Mphepo ya m'mwamba imaonjezera kapena kuchotsa mphindi zingapo, n'chifukwa chake popita ndi pobwera nthawi sizifanana ndendende. M'dzinja woyendetsa amalambalala mitambo ya mabingu m'malo moiboola, ndipo zimenezo zimadyanso nthawi.

Pali misampha itatu pa tiketi imene ingakusokonezereni masamu onsewa. Woyamba ndi wa mawotchi. Nthawi yonyamuka imalembedwa ya kumene mukunyamukira, yofika imalembedwa ya kumene mukufika. Ife, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa wotchi ndi imodzi, ndiye ku Lusaka palibe vuto. Koma Kenya, Tanzania ndi Ethiopia ali patsogolo ndi ola limodzi. Tiketi ikati kunyamuka ku Lilongwe 13:00, kufika ku Nairobi 16:10, simukhala m'ndege maola atatu ndi mphindi 10, mukhala awiri ndi mphindi 10. Pobwerera zimaoneka ngati ndege yathamanga modabwitsa, pamene ndi wotchi yabwerera m'mbuyo.

Wachiwiri ndi waukulu, ndipo unatsala pang'ono kutigwira. Mwana wa achimwene, mkwati mwiniyo, anatitumizira chithunzi cha tiketi imene anaipeza pa intaneti, tsiku lake labwino, Lachinayi. Nditayang'ana pansi ndinaona timawu tating'ono takuti 1 stop, ndi zilembo ADD. Ndi Addis Ababa imeneyo. Amayi akanauluka kuchoka ku Lumbadzi kupita ku Ethiopia, kugona pa bwalo kapena mu hotela ya kumeneko, n'kubwereranso kumwera m'mawa mwake: makilomita oposa 5,000 pa ulendo wa makilomita 600. Ndege yolunjika ya pakati pa mizinda iwiri yoyandikana siikhalapo nthawi iliyonse imene mwaifuna, ndipo tsiku limene palibe, kompyuta imangokulumikizirani kulikonse kumene kuli njira. Ngati mwawerengera kale kuti ulendowu ndi ola ndi mphindi 20, mukangoona maola 6 kapena 19 mudziwiratu kuti pali kokhota. Ichi n'chimene ndimawauza anzanga akamati masamuwa ndi otayitsa nthawi poti pa intaneti zonse zilipo. Onaninso kuti ndege ina imaima pa bwalo lina panjira, kutsitsa ndi kukweza anthu, nambala yake osasintha. Funsani kwa wogulitsa tiketi kuti, "Kodi ikanyamuka pa Kamuzu ikatera kuti poyamba?"

Wachitatu ndi waung'ono: tiketi imalemba maola mpaka 24. 07:30 ndi m'mawa, 19:30 ndi madzulo.

Kuwerenga chobwerera m'mbuyo

Tsopano tafika pa masamu enieni, amene achimwene sanachite. Lembani nthawi yonyamuka ndege pansi pa pepala, muziwerenga chokwera m'mwamba mpaka mufike pakhomo panu. Yathu inkanyamuka 1 koloko masana. Ulendo wotuluka m'dziko mufike pa bwalo kutatsala maola awiri, ena amati atatu, ndipo ndi munthu wachikulire musachepetse. Dziwani kuti kauntala yolandirira katundu imatsekedwa ndege isananyamuke, kawirikawiri kutatsala pafupifupi ola, ndipo ikatsekedwa kulira sikuthandiza ngakhale ndegeyo mukuiona pawindo. Ndiye 11 koloko tikhale tili pa Kamuzu. Kuchoka ku depoti ya Lilongwe kufika pa bwalo ndinaika ola lathunthu, ngakhale ndi makilomita 25 okha, chifukwa cha mizere ya magalimoto ya m'tawuni ndi mathiraki a ku Kanengo. Minibasi za ku Lumbadzi ndi Mponela zimakusiyani pa msewu waukulu, ndipo kuchoka pamenepo kukafika pa bwalo ndi kamtunda ndithu kosati n'kuyenda ndi zikwama, choncho pangani za takisi. Ndiye 10 koloko tikhale tili mu Lilongwe. Kuchoka ku Mchinji pa galimoto yanu ndi ola ndi theka kapena kuposerapo. Pa minibasi ikani maola awiri ndi theka, ndipo pamwamba pake muikepo ola lina la zosadziwika. Ndinalemba 6:30 m'mawa, kutuluka pakhomo.

Ola la zosadziwikalo mayi a kunyumba ankati ndi mantha anga chabe. Tinakwera minibasi pa boma 7 koloko isanakwane, amayi kutsogolo pafupi ndi dalaivala kuti atambasule miyendo. Inazungulira pa msika kawiri kusaka anthu, inaima pa Kamwendo kudikira mayi wina amene matumba ake a soya anali akubwera pa ngolo, ndipo titangodutsa pa Namitete tayala lakumbuyo linaphulika. Sipeya inalipo koma yopanda mpweya. Kondakitala anaikweza pa kabaza n'kubwerera nayo pa Namitete kukapopetsa, ife titakhala pansi pa mtengo wa mango, amayi akundiyang'ana osanena kanthu. Kenako anati, "Aphunzitsi, m'kope mwanu muja tayala munalilembamo?" Akafuna kundiseka amanditchula choncho. Ndinawayankha kuti ndinalilemba, ndipo sindinaname. Tinalowa mu Lilongwe 10 koloko itadutsa ndi mphindi 20, pa bwalo tinafika 11:15.

Ndege ikakhala ya m'mawa kwambiri, masamu omwewa akuuzani kuti mukagone ku Lilongwe kapena ku Lumbadzi dzulo lake. Pamenepo ulendo wa "ola limodzi" wasanduka wa masiku awiri, ndipo malo ogona ndi chakudya muziwerengere pa mtengo wa tiketi.

Pa bwalo pali zinthu zimene zimadya nthawi ngati simunakonzekere. Pasipoti ikhale m'manja, osati pansi pa chikwama. Kachikalata kodutsira pa boda kamene timapitira ku Chipata kukagula zinthu n'kubwerera, ku bwalo la ndege sikagwira ntchito. Visa ya ku Zambia ife Amalawi sitifunika kukhala nayo. Katundu muyezeretu kunyumba. Ine ndinabwereka sikelo ya ogula mtedza ya mnansi wathu, pa tiketi yathu panalembedwa makilogalamu 23 pa chikwama, ndipo chikwama cha amayi chinakwana 31 chifukwa cha ufa woyera, nsinjiro ndi mfutso zopita kwa apongozi atsopano. Tinagawira m'chikwama changa usiku, mwamtendere. Chimene sindinaone ndi kachigubu ka thobwa kamene anakakulunga m'chitenje n'kuika m'kachikwama ka m'manja. Pa makina ounikira anakatulutsa. Zamadzimadzi zolowa nazo m'manja siziyenera kupitirira mamililita 100 pa botolo, ndipo kachigubuko kanali ka malita awiri. Mtsikana wa pamakinayo anawafotokozera mwaulemu ndithu, "Agogo, pepani, lamulo silikulola," ndipo amayi anamuyankha kuti ndiye amwe iyeyo ndi anzake, thobwa la mawere silitayidwa. Tinataya mphindi 10 pamenepo, ndipo nkhani ya thobwalo inakambidwa mpaka tsiku la ukwati.

Ngati mukuyenda ndi munthu wovutika kuyenda, nenani pogula tiketi kuti mudzafuna njinga ya olumala. Salipiritsa, ndipo amakukwezani poyamba. Amayi anaikana pa Kamuzu, ati anthu aziti akudwala. Pa Kenneth Kaunda, ataona kutalika kwa makonde a nyumba yatsopano ija anaitsegula mu 2021, anaivomera okha.

Mbali ya kofikira musaiiwale. Kutsika, kudinditsa pasipoti, kudikira zikwama: ikani mphindi 45. Kuchoka pa bwalo kulowa mu Lusaka, mphindi 40 mpaka ola, kutengera dera ndi nthawi, poti Great East Road madzulo imadzaza. Ife tinatera cha m'ma 2:20, tinatuluka panja 3 koloko itangodutsa, ndipo pakhomo pa achimwene tinafika 4 koloko. Kuchokera 6:30 m'mawa ndi maola naini ndi theka. Chotsanipo tayala lija ndi kudikira kwina, pa tsiku labwino ndi galimoto yanuyanu mukhoza kutsitsa kufika pa maola seveni. Kutsika kuposa apo sindikuona njira yake.

Basi muiwerengere mofanana, khomo ndi khomo, kuti muyerekeze zinthu zofanana. Takisi kuchoka pa boma kufika pa boda ndi mphindi 20 ikadzaza. Pa boda masiku ano ndi pofulumirako chitsegulireni nyumba imodzi ya mayiko onse awiri mu 2022, moti mumadinditsa zotuluka ndi zolowa malo amodzi, koma ikanibe mphindi 30 mpaka ola. Takisi ina kufika mu Chipata, theka la ola. Mabasi ambiri a ku Lusaka amanyamuka mbandakucha kapena m'mawa, ndipo kudzera ku Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, mlatho wa Luangwa, Rufunsa ndi Chongwe amatenga maola eyiti kapena naini. Gawani 570 ndi 65 muona kuti n'zomveka, chifukwa m'mapiri a ku Luangwa basi siithamanga, ndipo pamlatho anthu amatsika kugula nsomba zouma. Zonse pamodzi, ndi kudikira kuti basi inyamuke, ndi maola 11 kapena 12, ndipo mukafuna basi yoyamba mukagone ku Chipata.

Ndiye kwa munthu wa ku Mchinji ndege imapulumutsa maola awiri, atatu, mwina anayi zikayenda bwino, pa mtengo umene ungakukwezeni basi maulendo angapo kupita ndi kubwera. Amene amati ola limodzi poyerekeza ndi maola 12 akuyerekeza kachidutswa ka ulendo wina ndi ulendo wonse wa winawo. Pali njira yachitatu imene mnzanga wina anandikumbutsa: bwalo la Mfuwe, lolowera ku South Luangwa, komwe kampani ya ndege ya Proflight imauluka kupita ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 440. Koma kuti mukafike ku Mfuwe muyenda makilomita oposa 100 kuchoka ku Chipata kulowera kumpoto chakumadzulo, ndipo mitengo yake ndi ya alendo oona nyama. Ndinaiwerengera n'kuisiya.

Nanga bwanji amayi anakwerabe ndege? Chifukwa nditayala masamu onse ndinaona kuti ndimawerenga chinthu cholakwika. Kwa iwo funso silinali maola onse, linali lakuti nthawi yayitali kwambiri imene akhale atapinda miyendo osadzuka ndi iti. Pa basi ndi maola atatu kapena anayi kuchoka poima pena kufika pena, kawiri kapena katatu motsatizana. Pa ndege chidutswa chachitali ndi minibasi ya ku Lilongwe, ndipo china chilichonse sichipitirira ola ndi theka, pakati pake pali kuyenda, chimbudzi chabwino ndi mpando wotambasukirapo. Munthu wa bizinesi amene ali ndi msonkhano m'mawa awerenge maola. Wonyamula katundu wambiri awerenge makilogalamu, ndipo basi idzapambana. Woperekeza wodwala kapena wachikulire awerenge chidutswa chachitalicho.

Mukaganiza zokwera, pemphani mpando wa pawindo wa kudzanja lamanja popita. Mzere wochoka ku Lumbadzi kupita ku Lusaka umadutsa makilomita osakwana 30 kumwera kwa boma la Mchinji, kenako n'kutsata kufupi ndi malire a Zambia ndi Mozambique, ndiye kwathu kumakhala kumanja. Patangotha mphindi 15 chinyamukireni ndinawagwira amayi paphewa n'kuwalozera mapiri athu, ataoneka ngati milu ya mbatata, ndi kamzere ka msewu wa tala kolowera ku boda. Anayang'ana nthawi yayitali, mphumi itagunda pagalasi. Kenako anatembenuka n'kundifunsa nthawi. Ndinati 1:20. Anawerenga pa zala kuchokera 6:30, n'kunena kuti, "Maola seveni, ndipo tikadali pa Mchinji."

Pobwerera iwo anatsala mwezi wathunthu kwa achimwene, anadzabwera pa galimoto. Ine tiketi yanga inali yopita yokha. Ndinakwera basi ya mbandakucha pa Intercity, ndinagula nsomba pa Luangwa, ndipo dzuwa lisanalowe ndinali nditadinditsa pa Mwami.